Mbiri ya Liu Lakuti Pacifism

Mau ambiri amene anthu amalankhula sadziwika ciyambi cao. Palibe munthu anganene kuti liu lakuti nkhondo analiyamba ndi uje, kapena kuti liu lakuti mtendere linamveka koyamba m'caka cakuti. Mau otere ana amangowapeza pakamwa pa makolo ao. Koma liripo liu lina la ku Ulaya limene mwini wace adziwika dzina, ndi caka cimene linabadwa cidziwikanso. Liulo ndilo pacifism. Limapezeka m'manyuzipepala ndi m'mabuku a mbiri ponena za kukana nkhondo, ndipo munthu wa maganizo amenewo amamucha pacifist.

Liu limeneli langopitirira pang'ono zaka 120, ndiye kuti ndi mwana poyerekeza ndi mau anzace. Koma pa zaka zimenezi lasintha tanthauzo kotero kuti mwini wace atauka lero angabvutike kulizindikira. Ena analandira nalo ulemu, ena analowa nalo m'ndende.

Muzu wace uli m'Cilatini, cinenero ca Aroma akale. M'cinenero cimeneco pax ndi mtendere, ndipo facere ndi kucita kapena kupanga. Mau awiriwa akaphatikizidwa pamatuluka liu lakuti pacificus, ndiye kuti wocita mtendere. M'Baibulo la Cilatini, pa Mateyu 5:9, anthu oyanjanitsa anzao achedwa pacifici. Nyanja yaikulu ya Pacific nayonso inatenga dzina pa muzu womwewo, pakuti Ferdinand Magellan, m'caka ca 1520, anaipeza iri bata, yopanda namondwe. Cofunika kucisunga pano ndi cakuti m'kati mwa liulo muli kucita. Silinena za munthu wongokhala phee pakhonde pamene anzace ali kumenyana, koma za iye amene anyamuka nakaleretsa ndeuyo.

Kubadwa kwa liu

Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, anthu a ku America ndi ku Ulaya anayamba kukhazika mabungwe a mtendere. La ku New York linayamba mu 1815, la ku London mu 1816, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mabungwe otere anali m'maiko ambiri. Anthu ace anali kudzicha abwenzi a mtendere. Dzina limeneli silinali kulekanitsa munthu ndi mnzace, pakuti ngakhale mfumu yosulitsa zida usana ndi usiku imati nayonso iri bwenzi la mtendere.

Émile Arnaud, katswiri wa malamulo wa ku France, anali mtsogoleri wa limodzi la mabungwewo. Iye anaona kuti anthu ace asowa dzina lao-lao, losonyeza kuti ali ndi ciphunzitso ndi njira yotsata, monga a zipani za ndale ali ndi maina ao. Mu 1901 anayamba kulemba liu la Cifalansa lakuti pacifisme. M'caka comweco, pa msonkhano wakhumi wa mabungwe a mtendere umene unacitika ku Glasgow, liulo linalandiridwa, ndipo posacedwa linalowa m'Cingerezi, m'Cijeremani ndi m'zinenero zina.

Kodi Arnaud ndi anzace anali kutanthauza ciani? Kumudzi, anthu awiri akakangana pa malire a munda satengerana nkhwangwa ai. Amapita kubwalo, kumene mfumu ndi nduna zace zimamva mbali zonse ziwiri ndi kugamula. Banja likagwedezeka amaitana ankhoswe. Arnaud ndi anzace anati maiko naonso akhale ndi bwalo lao ndi ankhoswe ao. Sanali kulota cabe, pakuti anali ndi citsanzo coloza ndi cala. Pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America, a cigawo ca kummwera anapangitsa sitima yankhondo ku Britain, dzina lace Alabama, ndipo sitimayo inagwira kapena kutentha sitima zamalonda za a kumpoto zoposa 60. Nkhondo itatha, boma la America linati Britain alipire. Mitima inatentha mbali zonse ziwiri, koma m'malo mwa kutuma asirikali anabvomerezana kupereka mlanduwo kwa oweruza asanu amene anakhala ku Geneva. Mu 1872 oweruzawo anagamula kuti Britain alipire madola 15,500,000 pa zimene Alabama ndi sitima zinzace zinaononga. Masiku amenewo panalibe dziko loposa Britain mphamvu panyanja, komabe analipira. Pambuyo pace, mu 1899, maiko 26 anasonkhana ku The Hague nakhazika bwalo lomva mirandu ya pakati pa maiko.

Koma ambiri a anthu amenewa sanali kunena kuti munthu asagwire mfuti konse. Iwo anali kuti mdani akalowa m'dziko, eni dziko ayenera kumpirikitsa. Ena anapitirira pamenepo. Ernesto Moneta wa ku Italy analandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 1907, koma patangopita zaka zinai anabvomereza kuti dziko lace lilande Libya ndi nkhondo. Pa masiku amenewo munthu wotere anali kuchedwabe pacifist.

Okana kupha

Liulo lisanabadwe, analipo kale anthu a mtundu wina, okana kupha munthu ngakhale mfumu italamula. Mmodzi wa oyamba amene mbiri yao inasungidwa anali wa mu Africa. M'caka ca 295, mu mzinda wa Theveste, umene lero uchedwa Tébessa m'dziko la Algeria, mnyamata wa zaka 21, dzina lace Maximilian, anaimikidwa pamaso pa kazembe wa Aroma kuti alembedwe usirikali. Anamuyesa msinkhu napeza kuti akwanira. Koma pamene anafuna kumbveka cizindikiro ca usirikali m'khosi anakana, nati iye ndi Mkristu, sangathe kucita nkhondo. Kazembe anamkumbutsa kuti Akristu ena alimo m'gulu la asirikali a mfumu. Mnyamatayo anayankha kuti iwowo adziwa okha cowayenera, koma iye sangathe. Anamdula mutu.

M'zaka za pambuyo panauka mipingo yathunthu ya maganizo otere, monga a Mennonite ndi a Quaker. George Fox, woyambitsa mpingo wa Quaker, ali m'ndende ku Derby mu 1651, anauzidwa kuti amasulidwa ngati abvomera kukhala kapitao wa asirikali. Anakana, nakhalabe m'ndendemo. Mu 1895 alimi a mu ufumu wa Russia ochedwa Doukhobor anaunjika mfuti ndi malupanga ao nazitentha. Boma linawakwapula ndi kuwabalalitsa, ndipo mu 1899 oposa 7,000 anasamukira ku Canada, mlembi wochuka Leo Tolstoy atawathandiza ndalama za ulendo.

Anthu awa sanali kufunsa za bwalo la maiko. Funso lao linali la munthu mmodzi ndi cikumbumtima cace, ngati dzanja lace liloledwa kupha. Pa misonkhano ya mtendere magulu awiriwa, ofuna bwalo ndi okana kupha, anali kudyera mbale imodzi, popeza nkhondo yakuti iwalekanitse inali isanafike.

Caka ca 1914

Nkhondoyo inafika. Pa 31 July 1914, Jean Jaurès, mtsogoleri wa ndale wa ku France amene anayesetsa kuiletsa, anaomberedwa m'nyumba yodyera ku Paris. Patapita masiku ocepa asirikali a Germany analowa m'Belgium ndi m'France. Ambiri a mabungwe a mtendere anati tsopano mdani walowa m'nyumba, naima pambuyo pa maboma ao. Arnaud mwini wace, ali ndi zaka ngati 50, anadzipereka nabvala zobvala za usirikali wa France. Kwa iye umenewu sunali ucinyengo, pakuti sanalonjezepo kuti sadzachinjiriza dziko lace. Koma kuyambira pamenepo, makamaka m'Cingerezi, liulo linayamba kucoka pa ofuna bwalo ndi kukhazikika pa okana kupha.

Ku Britain nkhondo inayamba ndi asirikali odzipereka okha, koma imfa zitaculuka boma linakhazika lamulo mu 1916 lokakamiza amuna kulowa usirikali. M'lamulomo munali khomo laling'ono: munthu amene cikumbumtima cace cimletsa kupha akadatha kukaonekera pamaso pa kabwalo ka akulu a m'dera lace ndi kupempha kuti amcotse. Amuna pafupi-fupi 16,000 anakana nkhondo pa cifukwa cimeneci. Akulu a timabwaloto ambiri anali ndi ana ao kunkhondo, cotero sanali ndi mtima womvera. Funso limene anali kukonda kufunsa linali lakuti, msirikali wa adani atafuna kucita coipa kwa amace kapena mlongo wace wa wopemphayo, iye angacite ciani. Akati angamenye, amuuza kuti apite kunkhondo. Akati sangamenye, amuuza kuti si mwamuna.

Ngakhale okanawo sanali a mtima umodzi. Ena anabvomera kunyamula obvulala pa macira, malinga asagwire mfuti. Ena anakana zobvala za usirikali koma anabvomera kulima minda kapena kukonza miseu. Ocepa anakana zonse, nati wolima m'malo mwa mnzace amasula mnzaceyo kuti akaphe. Amuna pafupi-fupi 6,000 analowa m'ndende.

Mu May 1916 akulu a nkhondo anatenga ena a okanawo nawaolotsera ku France, kumene kukana lamulo la kapitao kunali mlandu wa imfa. M'mwezi wa June, ku Boulogne, amuna 35 anaweruzidwa. Anawaimika pamaso pa asirikali ofola m'mizere, ndipo wowerenga cigamulo analengeza kuti aphedwe ndi mfuti. Anayamba wakhala cete pang'ono, kenaka naonjeza kuti cilangoco casinthidwa, agwira ukaidi zaka khumi. Palibe amene anaomberedwa, komabe okana nkhondo oposa 70 anafa m'ndende kapena cifukwa ca zimene anaziona m'menemo. Nkhondo itatha, ambiri a otsalawo analetsedwa zaka zisanu kusankha nao aphungu a Nyumba ya Malamulo.

Pa zaka zimenezi liu lakuti pacifist linasanduka citonzo. M'kamwa mwa anthu ambiri linali kutanthauza wamantha, kapena bwenzi la adani. Akazi ena anali kupatsa nthenga yoyera mwamuna ali yense amene anamuona mu mseu wosabvala za usirikali, kumuyesa wamantha. Koma ndi cobvuta kumucha wamantha munthu amene anaima cirili kumva cigamulo ca imfa yace, pamene liu limodzi lobvomera likadampulumutsa.

Kalata ya Chilembwe

Nkhondo imeneyo sinathere ku Ulaya. Ajeremani anali kulamula dziko la kumpoto kwa Nyasaland, limene lero ndi Tanzania, ndipo mu September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Akulu akale anali kuicha Nkhondo ya Ciwaya, cifukwa ca mfuti yolira mosalekeza ija. Pofika pakutha pace, amuna a m'Nyasaland pafupi-fupi 200,000 anali atasenzapo katundu wa asirikali monga atengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ena anali kuthawira kuthengo akamva kuti amithenga a boma afika pamudzi. Amenewo anakana nkhondo ndi miyendo yao, osadziwa kuti ku Ulaya kuli liu lace.

Wina anakana ndi colembera. John Chilembwe, mbusa wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, analemba kalata mu November 1914 naitumiza ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo anakumbutsa boma kuti anthu akuda anali atakhetsa kale mwazi wao pa nkhondo za Angerezi, osapindulapo kanthu. Anati pa mtendere zabwino zonse zikhala za Azungu, koma nkhondo ikadza munthu wakuda akumbukiridwa. Anati apite kunkhondo olemera, eni masitolo ndi eni minda yaikulu, osati amphawi amene akafa asiya akazi amasiye ndi ana opanda cowasiyira. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire.

Kodi Chilembwe anali pacifist? Mphunzitsi wace Joseph Booth, amene anafika m'Nyasaland mu 1892 napita naye ku America mu 1897, anali wotero ndithu, wokana kupha kuli konse. Koma Chilembwe, patapita miyezi iwiri cilembere kalata ija, pa 23 January 1915, anatuma anthu ace ndi mikondo ku Magomero ndi ku Blantyre, ndipo iye mwini anaphedwa pa 3 February. Cimene anakana m'kalata yace ndi nkhondo ya eni ace, yofera osauka. Sananene kuti nkhondo iri yonse ndi yoipa. Kukana nkhondo ina ndi kukana nkhondo iri yonse ndi zinthu ziwiri, ndipo wozisakaniza alakwira Chilembwe ndi Booth yemwe.

Pamenepa ndi pamene womasulira amatuluka thukuta, pakuti m'Cinyanja mulibe liu limodzi lokwanira. Akalemba kuti woyanjanitsa, wachula Arnaud. Akalemba kuti wokana kupha, wachula Maximilian. Akalemba kuti wokana nkhondo, walowetsamo ndi Chilembwe. Akalemba kuti wokonda mtendere, wabwerera ku dzina lakale lija limene ali yense amadzicha nalo.

Mau ofanana kamvekedwe

M'Cingerezi muli liu lina lakuti passive, lonena za munthu wongolandira zimene amcitira, osacitapo kanthu. Muzu wace ndi wina, koma popeza limamveka ngati pacifist, ambiri amayesa kuti mau awiriwa ndi pacibale, nati wokana nkhondo ndi wopinda manja. Mohandas Gandhi anadana nalo liu lakuti passive. Pamene anali kutsogolera Amwenye a ku South Africa pokana malamulo a tsankho kuyambira mu 1906, anthu anacha njira yace ndi liu limeneli. Iye anapempha owerenga nyuzipepala yace ya Indian Opinion kuti apeze dzina lina, ndipo pa maina amene anatumizidwa anakonzapo lakuti satyagraha, ndiye kuti kugwiritsitsa coonadi. Kwa iye kukana ciwawa kunali kulimbana ndithu, koma kopanda cida. Komabe Gandhi yemweyo, mu 1918, anayenda m'midzi ya ku India kukopa anyamata kuti alowe usirikali wa Britain, cinthu cimene abwenzi ace ena sanacimvetse.

Nkhondo yoyamba itatha, anthu atawerenga manda, liulo linapezanso ulemu. Ku Britain anthu oposa 100,000 analowa bungwe la Peace Pledge Union, lokhazikidwa mu 1936, nalonjeza kuti sadzathandizanso nkhondo. Koma pa nthawi yomweyo Adolf Hitler anali kusula zida ku Germany, ndipo funso la timabwalo tija linabweranso, tsopano lonena za mitundu yathunthu ya anthu. Albert Einstein, katswiri wa sayansi amene kale analimbikitsa anyamata kukana usirikali, anasintha mau mu 1933. Bertrand Russell, amene anaweruzidwa kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi mu 1918 cifukwa ca zimene analemba potsutsa nkhondo, anabvomera mu 1940 kuti Hitler sangaletsedwe ndi mau okha. Ena sanasunthe. Pa nkhondo yaciwiri amuna ndi akazi pafupi-fupi 60,000 a ku Britain anapempha kuti awacotse, ndipo nthawi ino boma linacita nao mofatsa koposa kale.

Olemba mbiri anaona kuti liu limodzi silingasenze katundu wa magulu awiri. Kuyambira kale linalipo liu lina lalitali pang'ono, lakuti pacificism, limene akatswiri a Cingerezi ena anali kuti ndilo lolondola, linzacelo ndi lodulidwa. Mu 1957 wolemba mbiri A. J. P. Taylor analitola nalipereka kwa iwo ofuna kuthetsa nkhondo ndi mabwalo ndi mapangano, koma obvomera kumenya pocinjiriza dziko. Lalifupi lija analisiyira okana kupha. Potero Arnaud, womanga nyumba, anasamutsidwira kugowero.

Koma kunja kwa mabuku a akatswiri anthu amalichulabe liulo monga afunira. Malamulo akulu a dziko la Japan, amene anayamba kugwira nchito mu 1947, amachedwa a pacifism cifukwa m'ndime yacisanu ndi cinai dzikolo linakana nkhondo monga njira yothetsera mikangano. Komabe kuyambira mu 1954 Japan ali ndi asirikali, ochedwa ocinjiriza dziko.

Ku South Korea nako kuli nkhani yace. Kumeneko mwamuna ali yense wamphamvu ayenera kulowa usirikali, ndipo pa zaka ngati 70 amuna oposa 19,000 a mpingo wa Mboni za Yehova analowa m'ndende cifukwa cokana. Manyuzipepala amawacha ndi liu la Arnaud lija, koma iwo eni amalikana. Amati sanena kuti nkhondo zonse ndi zoipa, popeza akhulupirira kuti nkhondo zina za Aisrayeli akale anazilamula ndi Mulungu. Cimene akana ndi kulowa m'nkhondo za maboma a anthu. Mu 2018 bwalo loona za malamulo akulu a dzikolo linagamula kuti boma liwapezere nchito ina m'malo mwa usirikali. Nchitoyo inayamba mu October 2020. Okana nkhondo anatumizidwa kukaphika, kucapa ndi kusesa m'ndende miyezi 36, pamene msirikali wapamtunda atumikira miyezi 18.